Ng'ombe zamakolo za linunda: zinachokera kuti, nanga zikuthadi?

Funso: Ndine mlimi wa ku Mchinji, kufupi ndi malire a Zambia. Bambo anga atamwalira anandisiyira ng'ombe zamakolo, zazifupi, za linunda. Anzanga akuti ndigule nkhunzi ya Brahman chifukwa zangazi n'zachikale ndipo sizikula. Mlamu wanga wa ku Chipata akuti kwawo amazitcha Angoni, ndipo anamva kuti zikutha. Kodi ng'ombezi n'zamtundu wanji, zinachokera kuti, ndipo ndizisunge kapena ndisinthe mtundu?

Yankho: Zikomo bambo, ndipo pepani ndi maliro a bambo anu. Pa dzina, alamu anu sananame. Ng'ombe zimene inu mukuti zamakolo, alangizi a ziweto kuno ku Malawi amazilemba m'mabuku kuti Malawi Zebu, ku Zambia amati Angoni, ndipo ku Mozambique, m'boma la Angónia m'chigawo cha Tete, amati Angone. Malire a mayiko atatuwa anadulidwa ng'ombezo zili kale m'madambo, choncho ya ku Mchinji ndi ya ku Chipata ndi pachibale chenicheni. Zimapezeka kuyambira Lundazi, Chipata, Katete mpaka Petauke, ndipo mbali ya kuno kuyambira Mzimba kutsika ku Kasungu, Dowa, Lilongwe, Dedza ndi Ntcheu. Zoti zikutha mpofunika kuzilongosola bwino, chifukwa pa chiwerengero zilipo zambiri, koma mtundu wake ukufooka m'makola mwathu momwemu, ndipo chimene chikuufooketsa kwambiri si Brahman ayi.

Choyamba tsimikizani kuti zimene muli nazo ndi zimenezi. Pitani kukhola m'mamawa musanatsekule, muime chambali n'kuyang'ana linunda. La Angoni limakhala pamwamba penipeni pa mapewa, kulunjika miyendo yakutsogolo. Pa nkhunzi ndi lalikulu, nthawi zina lopendekera kumbuyo, ndipo pa yaikazi ndi laling'ono koma looneka. Ng'ombe za Alozi ku Mongu, za Atonga ku Monze ndi za Nguni ku South Africa zili m'gulu lina lotchedwa Sanga, lomwe linunda lake limakhala chakukhosi, ndipo pa zazikazi nthawi zambiri silioneka n'komwe. Nyanga za Angoni n'zazifupi, zonenepa kutsinde. Chikopa cha kukhosi chimalendewera ndithu, koma cha pamchombo chimakhala chogwira thupi. Makutu ndiwo amaulula msanga magazi achilendo. A ng'ombe yamakolo ndi aang'ono, osongoka, oloza m'mbali. Mukaona thole la makutu aataliatali, olendewera ngati masamba a fodya wofota, dziwani kuti kudambo kunadutsa nkhunzi ya Brahman. Maonekedwe a ubweya asakusokonezeni: zilipo zofiira, zakuda, zotuwa, zamawangamawanga, ndipo zonsezo ndi mtundu umodzi. Yaikazi yam'mudzi nthawi zambiri imazungulira pa makilogalamu 250, thole limabadwa ndi pafupifupi 20, ndipo yaikazi yomweyo ikamadya mokwanira imadutsa 300.

Ng'ombe za linunda sizinayambire mu Africa. Zinawetedwa koyamba m'chigwa cha mtsinje wa Indus, kumene lero ndi Pakistan, zaka pafupifupi 8,000 zapitazo. Kuno zinabwera pa zombo za amalonda a Chiarabu ndi a ku India omwe ankakocheza m'magombe a Somalia, Kenya ndi Tanzania, makamaka kuyambira cha m'ma 700. Akatswiri atayeza DNA (chizindikiro cha chibadwa chimene chamoyo chimatengera kwa makolo ake) ya ng'ombe za mu Africa anapeza chinthu chimene ine ndimafuna mlimi aliyense atachimva. Mzere wa kuchikazi wa ng'ombe zathu zonse, ngakhale za linunda lalikulu, ndi wa ng'ombe zakale zopanda linunda zomwe zinali kale mu Africa. Magazi a ku India analowa kudzera ku nkhunzi. Ndiye kuti amalonda aja ankabweretsa makamaka zazimuna, zazimunazo n'kumakwera zazikazi za kuno mibadwomibadwo, mpaka ng'ombe za kum'mawa konse kwa Africa zinamera linunda. Nkhunzi ndizo zinasintha maonekedwe a ng'ombe za chigawo chonse. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa yankho la funso lanu lagona pomwepa.

Nanga Angoni akubwera pati? Anthu ambiri amaganiza kuti ng'ombezi zinachokera kwa Azulu limodzi ndi Zwangendaba, koma thupi la ng'ombeyo likukana. Zwangendaba anachoka kumwera cha m'ma 1820, pa nkhondo za nthawi ya Shaka, ndipo ng'ombe za kumeneko ndi za Sanga, zofanana ndi Nguni za lero. Anaoloka Zambezi kufupi ndi Zumbo mu Novembala 1835, tsiku la kadamsana, napitirira kumpoto mpaka ku dziko la Afipa, kumene lero ndi Tanzania, komwe anamwalira cha m'ma 1848. Ulendo umenewo unadutsa m'zigwa zotentha zodzaza kashembe, ntchentche yofalitsa kaodzera, ndipo ng'ombe sizikhalitsa m'malo otero. Angoni ankadzaza makola awo ndi ng'ombe zolanda kwa mitundu imene ankaigonjetsa, ndipo kumpoto kumeneko ng'ombe zinali za linunda ndi nyanga zazifupi. Ana a Zwangendaba atagawikana, Mpezeni anadzakhazikika ku Chipata, M'mbelwa ku Mzimba, aliyense ndi ng'ombe za kumpoto zija. Angoni a Maseko anayenda njira yawoyawo mpaka ku Songea, nabwerera kudzakhala mozungulira phiri la Domwe cha m'ma 1870, ndipo n'chifukwa chake ng'ombe zomwezi mumazipeza ku Ntcheu, ku Dedza ndi ku Angónia. Kuoloka Zambezi kupita kumwera, ng'ombe zamakolo ndi za Sanga basi, moti Angoni ndiyo ili kumapeto kwenikweni kwa dera la ng'ombe za linunda la pamapewa. Tisaiwale kuti Ankhonde a ku Karonga anali ndi ng'ombe zawo Angoni asanafike, choncho si Malawi Zebu aliyense amene makolo ake anayenda ndi Angoni.

Zimene muli nazozo ndi zidzukulu za ng'ombe zopulumuka. Mu 1887 asilikali a ku Italy analowetsa ng'ombe zodwala pa doko la Massawa ku Eritrea, ndipo mliri wa ng'ombe wotchedwa rinderpest unayamba kutsika kumwera. Unafika kumpoto kwa nyanja ya Malawi mu 1892, n'kuoloka Zambezi mu 1896. M'madera ambiri, mwa ng'ombe 10 zilizonse zinafa 9. Nthendayi inathetsedwa padziko lonse mu 2011, choncho musaiope. Mliri usanaiwalike, mu Januwale 1898 asilikali a Britain anathira nkhondo Angoni a Mpezeni, anapha mwana wake Nsingo, n'kulanda ng'ombe zikwizikwi. Makola anayambanso kuchokera pa zochepa zotsala. Mpaka lero pa Nc'wala ku Mtenguleni mu Febuluwale amabaya nkhunzi yakuda, ndipo aliyense amene anaonerako amadziwa kuti kwa Mngoni ng'ombe si nyama yokha.

Anzanu akamati ng'ombe zanu sizikula, akunena zoona mbali imodzi. N'zazing'ono, zimachedwa kufika msinkhu wogulitsa, ndipo mkaka wake ndi wochepa, lita imodzi kapena awiri patsiku thole litayamwa. Komanso yaikazi yamakolo situlutsa mkaka thole lake likakhala patali, nkhani yomwe wokama aliyense amaidziwa. Ngati mukufuna kugulitsa mkaka, mtundu wake si umenewu. Koma mlimi wa ng'ombe za nyama sapindula ndi kukula kwa ng'ombe imodzi. Amapindula ndi kuchuluka kwa mathole amene abadwa, n'kukhala moyo, n'kufika pamsika, poyerekeza ndi msipu umene khola lonse ladya. Pamenepa Angoni ndi dolo. Pa malo a kafukufuku a ku Mazabuka ku Zambia anaweta Angoni, Barotse (za Alozi zija) ndi Boran (za ku Kenya ndi Ethiopia) pa msipu umodzi kwa zaka zingapo. Mathole a Angoni anali opepuka kuposa a zinazo, koma pa kubereka Angoni ndiyo inatsogola: mwa zazikazi 100, zoposa 80 zinkaswa chaka chilichonse. Kumudzi kwathu ng'ombe yomweyi imaswa koyamba ili ndi zaka zinayi, kenaka n'kumadumphitsa chaka, anthu n'kumati ndi mtundu. Si mtundu, ndi njala ya mu Okutobala.

Pa matenda, ubwino wake waukulu uli pa nkhupakupa. Chigodola cha ng'ombe chimafalitsidwa ndi kankhupakupa kofiirira komwe kamakonda kubisala m'makutu. Thole lamakolo lobadwira kumalo a nkhupakupa limadwala likadali laling'ono, mwanabele wa kunsi kwa khutu n'kutupa, koma ambiri amachira ndipo sadwalanso kwambiri. Ng'ombe ya magazi achilendo, makamaka achizungu, ikagwidwa imatha kufa pasanathe milungu itatu, thovu lili m'mphuno. Koma musamve ngati ndanena kuti zamakolo sizifa. Mathole amafa ndithu, ndipo ng'ombe yamakolo yokulira kumalo opanda nkhupakupazi ikasamutsidwira kumene zili imafa ngati ina iliyonse. Katemera wa chigodola alipo, amapangidwa ku Lilongwe, pa likulu loona za nkhupakupa ndi matenda ake la CTTBD, ndipo kum'mawa kwa Zambia akhala akugwiritsa ntchito katemera wotchedwa Katete. Kwa kaodzera, Angoni ilibe mphamvu yapadera. Ng'ombe yopirira kashembe ndi N'Dama ya kumadzulo kwa Africa, osati yathuyi.

Tsopano nkhani ya kutha. Bungwe la FAO, loona za chakudya ndi ulimi padziko lonse, limaika mtundu wa ng'ombe pa mndandanda wa zimene zili pangozi zazikazi zobereka zikatsala zikwi zowerengeka chabe. Malawi yekha ali ndi ng'ombe zoposa 1 miliyoni, ndipo pafupifupi 9 mwa 10 zilizonse ndi zamakolo. Muonjezepo za kum'mawa kwa Zambia ndi za ku Angónia. Pa kuwerenga mitu, Angoni ili kutali ndi kutha. Vuto ndi loti mtundu ungathe kuonongeka mitu ili yochuluka, ndipo owerenga mitu sangaone kanthu.

Taganizani mmene timachitira. Mlimi ali ndi tinkhunzi titatu ta zaka ziwiri. Akufuna ng'ombe zokoka ngolo, ndiye amasankha tiwiri tojintcha, ta chifuwa chotambalala ndi miyendo yoongoka, n'kutithena. Kotsala ndi kaja kofooka, kamene palibe anakafuna pa goli, ndipo ndi kameneko kadzakwere zazikazi zonse. Fizi ikavuta, wogula amafika pakhola, amazungulira, amagwira pamsana pa nkhunzi yaikulu kuposa zonse n'kutchula mtengo, ndipo mwini wake sangakane chifukwa ndi yokhayo ingakwanitse ndalamayo. Maliro akagwa, malowolo akafunika, imachoka ndi yooneka bwino. Chaka ndi chaka zabwino zimapita ku mpeni, zotsalira n'kumabereka. Chitani zimenezi mibadwo khumi ya ng'ombe, mudzamva akuluakulu akudandaula kuti ng'ombe za masiku ano n'zazing'ono poyerekeza ndi za kale, ndipo sadzakhala akunama. Ine ndimati kusankha mobwerera kumeneku ndiko mdani wamkulu wa ng'ombe zamakolo, kuposa nkhunzi iliyonse yachilendo, chifukwa kumachitika m'khola lililonse ndipo palibe amene amakuona ngati vuto.

Pamwamba pa apo pali kukwerana pachibale. Nkhunzi imodzi imakhala m'khola zaka zisanu ndi ziwiri, n'kukwera ana ake ngakhale adzukulu ake. Zotsatira zake ndi mathole obadwa ofooka, zazikazi zovuta kutenga bere, ndi khola lomwe silichuluka ngakhale mvula igwe bwanji.

Kusakaniza mitundu mosaganizira kukubwera pachitatu, ngakhale kuti ndi kumene kumatchuka pa wailesi. M'chigwa cha Shire, ku Chikwawa ndi ku Nsanje, magazi a Brahman analowa kale kwambiri. Kuzungulira Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, ulimi wa mkaka unabweretsa Friesian. Kudambo ng'ombe za mudzi wonse zimadyera pamodzi, moti munthu mmodzi akagula nkhunzi yachilendo, wasankhira mudzi wonse mtundu osaufunsa. Magazi akasakanikirana sabwezeka. Simungatenge mdzukulu wa Brahman n'kumusandutsanso Angoni weniweni.

Pa kusamala mtunduwu, boma la Malawi lakhala likusunga makola a Malawi Zebu pa malo a kafukufuku monga Mbawa ku Mzimba ndi Chitala ku Salima, ndipo mu 2007 mayiko anagwirizana ku Interlaken, Switzerland, pa ndondomeko yoteteza mitundu ya ziweto. Zimenezi n'zabwino, koma makola ochepa a boma sangasunge mtundu umene uli m'manja mwa alimi zikwi mazanamazana. Anzathu a kumwera anatisiya patali. Ku Zimbabwe, mlangizi wina dzina lake Len Harvey anayamba m'zaka za m'ma 1940 kusankha ng'ombe zamakolo zooneka bwino za m'dera la Gwanda, n'kumazibereketsa zokhazokha. Kumeneko ndi kumene kunachokera Tuli, yomwe mu 1990 inafika ku Australia ndipo lero imawetedwa m'mayiko ambiri. Ku South Africa, Nguni inanyozedwa kwa zaka zambiri ngati ng'ombe yachabechabe, koma mu 1986 oweta anakhazikitsa bungwe lake, ndipo tsopano nkhunzi ya Nguni yolembedwa m'kaundula imagulidwa pa mtengo wokwera. Palibe amene anathira magazi achilendo kuti Tuli kapena Nguni zitchuke. Anangosankha nkhunzi mosamala n'kulemba zimene akuona. Angoni sinapatsidwebe mwayi woterowo mokwanira, ndipo ndi zomvetsa chisoni, chifukwa pa kubereka siichepa kwa ziwirizo.

Za Brahman ndinene mosakondera. Si ng'ombe yoipa. Inapangidwa ku America kuchokera ku ng'ombe za ku India, choncho imapirira kutentha kuposa zachizungu, ndipo thole loyamba la Brahman ndi yamakolo limakula mochititsa kaso. Anzanu akuona thole limenelo. Chimene sanaonebe ndi ana aakazi a tholelo akadzakweredwanso ndi Brahman. Ng'ombe imadya chakudya chouma cholemera pafupifupi magawo awiri ndi theka pa 100 a thupi lake patsiku. Ya makilogalamu 250 imafuna pafupifupi makilogalamu 6, ya 500 imafuna 12. Dambo lanu silidzakula chifukwa choti mwasintha mtundu. Mu Okutobala, udzu utapsa, yaikuluyo ndi imene imayamba kuoneka nthiti, n'kulephera kutenga bere. Brahman yogula ku famu ilibenso chitetezo ku chigodola cha kwanu, ndipo ikafa mwataya mtengo wa ng'ombe zamakolo zingapo. Msoti waung'ono wamakolo ukakweredwa ndi nkhunzi yaikulu chotero umathanso kuvutika poswa.

Ndikanakhala inu, zazikazi za bambo anuzo sindikanazisintha. Ndikanatenga kope n'kumalemba tsiku limene iliyonse yaswa, ndi mmene thole lake likukulira. Pakatha zaka zitatu kopelo lidzakuuzani yoswa chaka ndi chaka ndi yongodya msipu. Yongodyayo ndiyo igulitsidwe fizi ikavuta. Nkhunzi yosiya isankhidwe mwa ana a yaikazi yoswa pafupipafupi, ikhale yokula msanga kuposa anzake a msinkhu umodzi, ya msana wautali, matako odzaza, miyendo yoongoka, machende awiri ofanana, ndiponso yofatsa. Imeneyo musaithene ngakhale ngolo ikusowa ng'ombe. Tinkhunzi totsala tonse tithenedwe tisanakwanitse chaka. Alangizi a ziweto ali ndi chida chotchedwa Burdizzo chomwe chimathena popanda kucheka. Nkhunzi imodzi imakwanira zazikazi 25 kapena 30, choncho m'mudzi wa makola ang'onoang'ono mpofunika kukhala pansi ndi anzanu odyetsa nawo dambo limodzi, pamaso pa amfumu, n'kugwirizana nkhunzi zosiya. Popanda mgwirizano umenewo, kankhunzi kofooka ka mnzanu kadzafafaniza ntchito yanu yonse. Pakatha zaka zitatu, ana ake aakazi asanafike pokweredwa, sinthanani nkhunzi ndi mlimi wa mudzi wakutali. Ngati mungaganize zotenga ya ku Chipata, musaiolotse usiku m'njira zachidule. Pamafunika chilolezo cha a zaumoyo wa ziweto mbali zonse ziwiri, chifukwa umu ndi mmene matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi amayendera.

Ngati mtima uli pa Brahman ndithu, njira yosaononga ilipo. Patulani zazikazi zikuluzikulu zomwe zinaswapo kale, zikweredwe ndi Brahman kumalo otchingidwa, ndipo ana onse obadwa kumeneko, aamuna ndi aakazi omwe, akhale ogulitsa. Asalowe m'gulu lobereka. Zazikazi zabwino koposa zipitirize kukweredwa ndi nkhunzi yamakolo kuti zolowa m'malo zizikhala zenizeni. Njira imeneyi imafuna mpanda ndi kudziletsa, ndipo kunena zoona alimi ambiri amagonja pa kamsoti kokongola ka makutu aatali n'kukasunga.

Koma musanaononge ndalama pa nkhunzi yogula, yesani kaye kudyetsa. Kunenepetsa ng'ombe m'khola kunayamba ku Malawi kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndipo alimi a ku Lilongwe anapindula nako ndi ng'ombe zomwezi. Mumatenga mifule iwiri ya zaka zitatu, kuimangira kakhola kofolera, n'kumaipatsa mapesi, zotsalira za mtedza, madeya, mchere ndi madzi okwanira kwa miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi. Ku Mchinji mtedza ndi soya sizisowa, koma zotsalira zake zambiri zimathera pamoto kapena kuola m'munda. Zituteni mukangokolola, zikadali ndi masamba, muziunjike pa thandala pamthunzi pomwe chiswe ndi mvula sizifika. Gawo lina musungire zazikazi zoyamwitsa ndi misoti kuyambira Seputembala mpaka mvula yoyamba, chifukwa yaikazi imene yalowa m'dzinja isanaonde ndi imene imatenga bere msanga. Mifuleyo muigulitse cha mu Novembala kapena Disembala, pamene ng'ombe zonenepa zimasowa pamsika, ndipo ngati kuli sikelo pafupi, iyezetseni musanayambe kukambirana mtengo.